Mutu Womaliza wa Buku la Chifalansa

1

"Kodi khomo la nyumbayi liyang'ana kuti?"

Anafunsa a Makina, mmisiri womanga, ataima pakati pa maziko chingwe chili m'manja. Pamalopo panali ine, mayi anga, malume anga a Dickson, ndi Lingson, mwamuna amene ankayembekezeka kundikwatira tikakolola. Mayi anawerama n'kuyamba kuzula udzu womwe sunkasokoneza munthu. Malume anayang'ana mitambo. Lingson anatulutsa foni, chikhalirecho pamalo pamenepo netiweki siigwira.

Ine ndinaseka, chifukwa funsolo linali lopanda ntchito. Pamudzi pathu, kuseri kwa msika wa Chiringa, mkamwini amamanga pamalo a mkazi wake, ndipo khomo limayang'ana bwalo la mayi a mkaziyo. Makolo athu anabwera nawo mwambo umenewu kuchokera ku Mozambiki, ndipo ngakhale mwana wopanda mano amaudziwa. Malowo anali anga. Mayi anandipatsa nditangobwerako ku yunivesite. Bwalo lawo lili kum'mawa kwa malowo, ndipo kumadzulo kuli bwalo la mayi anga aang'ono, a Aliness.

Ndinaganiza kuti a Makina akungocheza. Iwo anadikira pang'ono, kenako anakulunga chingwe chawo n'kunena kuti poti makoma sanakwere, nkhaniyo ingadikire.

Dzina langa ndine Lenia. Ndili ndi digiri ya Chifalansa yochokera ku Zomba. Ku Phalombe kuno, ntchito yaikulu imene digiriyo inandigwirira chaka choyamba inali yosangalatsa anthu pamaliro. Wina amandiitana n'kunena kuti nditchule nandolo m'Chifalansa. Ndikatchula, onse amaseka, n'kundipempha kuti nditchulenso mbuzi.

2

Lingson ndi wa ku Ntcheu. Anabwera kudzaphunzitsa makompyuta pasukulu ina yoyendera, kumene makompyuta ambiri amagwira ntchito yotsamiritsa zitseko. Anali ndi maloto amodzi amene ankauza aliyense: kupanga pulogalamu ya pa intaneti yothandiza kopaletivi ya alimi a nandolo. Mlimi azitsegula pafoni, aone mtengo weniweni wa tsikulo, alembetse matumba ake, adziwe tsiku limene lole ibwere, m'malo mogulitsa kwa mavenda a masikelo onama aja. Akuluakulu a kopaletivi anali atamuombera kale m'manja, pulogalamuyo isanakhalepo.

Vuto linali loti maphunziro a zimenezi ali m'mavidiyo, ndipo vidiyo imadya bandulo ngati chiswe. Tsiku lina, akuthandiza kusesa chipinda chosungiramo katundu kuparishi, anapeza katoni ya mabuku imene wansembe wina wa ku Congo anaisiya atasamutsidwa. Pansi pake panali buku lonenepa ngati njerwa, lonunkha nkhungu. Lingson anazindikira zithunzi zake ndi mizere ya malangizo a pakompyuta, koma mawu ena onse anali m'Chifalansa.

Anafika nalo kwathu panjinga, atalimanga ndi mphira pakaliyala ngati nkhuku.

"Madamu," anatero, "digiri yanu ija yapeza ntchito."

Bukulo linkaphunzitsa chimango chokonzedwa kale chomangirapo mapulogalamu a pa intaneti. Kunena mwachidule, akatswiri ena anaimika kale mizati ndi denga, ndipo iwe umangoika makoma, zipinda ndi makomo monga ukufunira. Mlembi wake ankamanga chitsanzo chimodzi kuyambira mutu woyamba mpaka womaliza: sitolo yogulitsa tchizi, chakudya cha azungu chopangidwa ndi mkaka. Ife paliponse pamene panali tchizi tinkaikapo nandolo.

Tinkagwira ntchito masana, pakhonde la mayi, laputopu itatchajidwa kometera tsitsi kumsika. Ine ndinkawerenga mokweza n'kumasulira, iye n'kumatayipa. Tinkalakwitsa kwambiri. Kwa nthawi yaitali, mlimi aliyense wongoyeserera amene tamulembetsa ankalandira uthenga womuthokoza chifukwa chogula tchizi, ndipo tinkaseka mpaka mayi kutifunsa ngati kusukulu amaphunzitsanso misala.

Chikondi chathu chinakula ndi mitu ya bukulo. Pamutu wa kasungidwe ka mayina a alimi, anandigwira dzanja. Pamutu wa masamba olembetserapo katundu, anakaonekera kwa malume. Pofika pakati pa buku tinaona kuti kumasulira kukutichedwetsa, ndipo zinali zachangu kuti ndizingowerenga n'kutayipa ndekha. Lingson anavomera msanga. Ankakhala pambali panga n'kumachonga mayeso a ana, nthawi zina n'kudzutsa mutu kunena kuti ubongo wanga ndi woopsa.

Ndinkakonda kumva zimenezo. Ndisakunamizeni.

3

Mayi aang'ono ali ndi mwana wamkazi, Favour. Kwathu mwana wa mayi aang'ono ndi mng'ono wako basi, ndipo ine ndi amene ndinkamubereka kumbuyo ali khanda. Sukulu inamukanika pa Folomu 4, koma ali ndi mphatso imene ine ndilibe: akalowa pagulu, ngakhale agogo okwiya amayamba kumwetulira.

Mbali yoyamba ya pulogalamu itayamba kugwira ntchito, panafunika kuti alimi a ku Jenala ndi ku Mkhumba aione, ayese kudina, atiuze pamene pakuwavuta. Lingson ananena kuti si bwino kuti ine ndizisiya buku n'kumayenda m'midzi, nthawi yokolola ikuyandikira. Anati bwanji Favour aziwaonetsa alimi, iye azimuperekeza Loweruka lililonse pa njinga yamoto yobwereka.

Ndinaona kuti ndi nzeru. Ndinamuphunzitsa ndekha Favour podina ndi zonena. Ndinamubwereka nsapato zanga zakuda zimene ndinavala tsiku lolandira digiri, kuti alimi amulemekeze. Loweruka m'mawa ndinkawaphikira mbatata n'kuwakulungira m'pepala. Favour akakwera kumbuyo ankakuwa kuti alamu ake asathamangitse, ine n'kumawabayibitsa buku lili kukhwapa.

Miyezi imeneyo ndinaona chinthu chimodzi chokha chachilendo. Mayi ndi mayi aang'ono akamacheza ine n'kutulukira, ankasiya Chichewa n'kulowa Chilomwe chozama, chimene ife ana asukulu timangotolamo mawu awiri atatu. Ndinaziona, n'kuziseka ndekha: ndimamva zimene mzungu wa ku Paris analemba zokhudza tchizi, koma sindimva zimene amayi anga akunena pamphasa.

4

Makoma atakwera, khomo linayang'ana kumadzulo.

Ndinamufunsa Lingson tsiku lomwelo. Anandiyankha mosavutika, ngati munthu amene yankho analikonza kale n'kulisita. Anati mvula ya chiperoni imachokera kum'mawa, ndipo chichitikireni namondwe uja anagwetsa nyumba za anthu, munthu wanzeru saika khomo kumene mphepo imaombera. Anati mwambo ndi wabwino, koma mwambo suumitsa mphasa.

Zinandimvekera. Ndinachita kunyadira kuti ndikukwatiwa ndi munthu woganiza. Mayi wina wa kutchalitchi atandifunsa pachitsime za khomolo, akundiyang'ana mwachilendo, ndinamuphunzitsa za mphepo kwa nthawi ndithu. Anangoti, "Ohoo, n'chapamwamba," n'kusenza ndowa yake.

Chimene ndinkayembekezera chinali mkwiyo wa mayi. Mayi anga ndi munthu woti nkhuku ya mnzawo ikaikira mazira m'khola mwawo, nkhani imafika kwa malume. Koma za khomo sananene kanthu. Madzulo ake, ndikuwathandiza kupeta, anandifunsa kuti bukulo latsala pang'ono kapena ayi.

Mayi anali asanandifunsepo za buku chibadwire changa. Ndili ku yunivesite ankangofunsa ngati ndikudya.

Kenako anayamba kufunsa aliyense. Malume anaima ndi njinga yawo pamsewu n'kufunsa kuti mitu yatsala ingati. Mayi aang'ono ananditumizira nthochi kuti ndizidya powerenga. Favour yekha ndiye sankafunsa. Anasiya kubwera pakhonde pathu, ndipo ankati mutu ukumuwawa chifukwa cha dzuwa la ku Jenala.

Ndinaganiza kuti abale anga ayamba kulemekeza sukulu. Ndinawauza monyadira kuti watsala mutu umodzi wokha, wovuta kuposa yonse: wochotsa pulogalamu m'laputopu n'kukaiika pa seva, kuti mlimi aliyense athe kuitsegula ali kwawo. Popanda mutu umenewo, ntchito yonse inali ngati nkhokwe yodzaza yopanda potapira.

5

M'mawa wina ndinawatengera thobwa a Makina. Anali akupaka pulasitala m'chipinda chogona, ndipo ndinkafuna kuwapempha kanthu kakang'ono: kuti pakona ya kuzenera andiikire timatabwa tosanjapo mabuku.

Analandira kapu, anamwa, n'kupukusa mutu. Anati pakona imeneyo n'zosatheka, chifukwa mayi a nyumba ananena kale kuti pakhale pampata, mpogoneka mwana, kufupi ndi zenera kuti kuzipita mphepo.

Ndinawafunsa kuti mayi a nyumba ake ati.

A Makina anatsitsa kapu pang'onopang'ono. Anandiyang'ana, anayang'ana khomo, n'kuyang'ananso ine. Ndinaona nkhope ya munthu wamkulu ikufuna pobisala.

"Achemwali, ine ndimayesa munakambirana pachibale," anatero. "Paja ndinafunsa pamaso pa nonse tsiku lija. Mmisiri safunsa za khomo popanda chifukwa. Ndinali nditamva kale zina kumsika."

"Ndiye anakuyankhani ndani?"

"Malume anu. Anabwera okha kutacha. Anati liyang'ane kwa a Aliness."

Anayamba kupepesa, kunena kuti iwo ndi wa njerwa chabe, za m'mabanja sazidziwa. Ndinawauza kuti amalize thobwalo lisanasase. Ndinatuluka pakhomo lija, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaima n'kuona chimene munthu wotuluka m'nyumbamo amaona. Bwalo la mayi aang'ono linali patsogolo panga, losesedwa bwino. Pachingwe panali zitenje zatsopano. Pakhonde panali nsapato zanga zakuda, zopukutidwa.

Mphepo tsiku limenelo inkachokera kumadzulo.

6

Mayi ndinawapeza akusenda nandolo wamuwisi. Sindinakhale pansi. Ndinawafunsa ngati Favour ali ndi pakati.

Sanadzutse mutu. "Pakuoneka kale. Mudzi wonse unaona. Iwe wekha ndi amene maso ako anali m'buku."

Zina zonse anazinena ndi mawu otsika, manja akugwirabe ntchito. Zinadziwika maziko asanakumbidwe. Malume anaitanitsa achemwali awo awiriwo n'kugamula. Anati mkamwini anaonekera kale pamudzi pano, ndi wa pantchito, njerwa anaumbitsa kale, ndiye kumuthamangitsa n'kutaya zonse. Anati mwana wobwerayo ndi wa mbumba yomweyi ndipo afunika bambo. Anati Lenia ndi wophunzira, akapeza wina kutauni, koma Favour akasiyidwa ndi mwana ndiye watha. Ukwati ukhalepo monga anthu anamvera, tsiku lomwelo, nyumba yomweyo. Chosintha ndi mkwatibwi yekha.

Ndinafunsa chifukwa chake sanandiuze.

Apa m'pamene manja a mayi anaima. Anati Lingson anapempha kuti adikire kaye. Anauza akuluakuluwo kuti ndikamva ndisiya buku, pulogalamu ifera m'njira, iye achita manyazi pamaso pa kopaletivi, ndipo dzina la banja lonse liipa. Anapempha kuti ndimalize kaye mutu womaliza.

"Inunso munavomera, mayi?"

"Mng'ono wanga anandigwadira, Lenia."

"Nanga ine ndikanagwadira ndani?"

Anatola khoko limene anali atasenda kale n'kuyamba kulisendanso.

Lingson ndinamupeza kusukulu ana ataweruka. Atangoona nkhope yanga anatseka chitseko cha kalasi. Sanakane. Anati zinangochitika, tsiku lina mvula inawatsekereza ku Jenala, mtsinje unadzaza. Ndinamuuza kuti mtsinjewo uyenera kuti unkadzaza Loweruka lililonse, ngakhale m'chilimwe. Anati ndisalankhule choncho. Anati amene amamukonda ndi mtima wonse ndine, kuti Favour sangakambe naye zinthu zozama, kuti iyenso akuvutika. Analira pang'ono, ndipo analira bwino.

Ndinamusiya amalize. Ndinkafuna kuona ngati afika pamene ndinkaganiza kuti afika. Anapukuta m'maso, anakhosomola, n'kuyang'ana pansi.

"Koma Lenia, alimi aja sanakulakwire. Mutu womalizawo..."

Ndinatsegula chitseko ndekha.

Pobwerera ndinakumana ndi Favour panjira ya kuchigayo. Atandiona anatula lichero n'kugwada m'fumbi momwemo. Anangoti, "Achemwali." Ndinayang'ana mimba yake, ndipo mayi ananena zoona: ngakhale wakhungu akanaiona. Ndinamuuza kuti adzuke, munthu wa pakati sagwada pamiyala. Ndinamuthandiza kusenza lichero lake.

7

Inu owerenga, ndikudziwa kuti ena mwa inu mwanditcha kale chitsiru, ndipo sindikutsutsani. Koma musaganize kuti chimene chimandiwawa kwambiri ndi mwamuna. Amuna otsekerezedwa ndi mvula alipo ambiri, ndipo ndikanalira mwezi umodzi n'kuiwala. Chimene chimandidzutsa m'mawa mtima ukupsa ndi nthochi zija. Ndi malume kuima pamsewu kufunsa kuti mitu yatsala ingati. Ndi mayi anga, amene anandibala, kuyang'ana chala changa chikuyenda pa tsamba, n'kumayeza ndi maso kunenepa kwa mapepala otsala, podziwa kuti akatha, nanenso ndatha. Anthu onse amene ndimawakonda anakhala pansi n'kugwirizana kuti ndipweteke, koma ndipweteke ntchito itatha. Ngati kwanu anthu ayamba mwadzidzidzi kuchita chidwi ndi ntchito yanu, kondwerani ndithu. Kungoti nthawi zina muzitsitsa buku n'kuona kumene makomo akuyang'ana.

Malume anaitanitsa msonkhano Lamlungu titaweruka kutchalitchi, pansi pa mtengo wa mango wa pakati pa mabwalo awiriwo. Mayi anakhala mbali ina, mayi aang'ono ndi Favour mbali ina. Lingson anakhala pampando atavala jekete, manja ali pamaondo. A Makina anaitanidwanso, kuti amve dongosolo la ntchito yotsala, ndipo anakhala patali ngati munthu wobwera kudzapepesa maliro a mlendo.

Malume analankhula nthawi yaitali. Anayamikira kudekha kwanga. Anati sukulu yandithandiza, mkazi wina akanatenga chikwanje. Anati popeza nyumba yaima pamalo anga, andidulira malo ena kumunsi, kufupi ndi dambo, ndipo ndi aakulu kuposa awa. Anati chofunika ndi mtendere pa mbumba. Pomaliza anatsitsa mawu n'kunena kuti a kopaletivi afunsanso, nandolo wayamba kuuma m'minda, ndiye bukulo bwanji.

Ndinawafunsa mayi, pamaso pa onse, kuti malo amene pali nyumbayo ndi a yani.

Mayi anayang'ana malume. Anayang'ana mng'ono wawo. Kenako anayang'ana ine, nthawi yaitali ndithu, ndipo anayankha m'Chichewa, osati m'Chilomwe.

"Ndi ako. Ndinakupatsa ndine."

Malume anafuna kulowererapo, koma ndinali nditaimirira kale. Bukulo ndinali nalo m'manja, chala changa chili pa tsamba loyamba la mutu womaliza. Lingson ankaliyang'ana ngati mmene galu amayang'anira dzanja la munthu amene akudya.

"Malume, kauzeni a kopaletivi kuti mutu womaliza ndiumaliza sabata ino. Alimi agulitsa nandolo wawo."

Ndinamva anthu akupuma. Mayi aang'ono anayamba kuombera m'manja chapansipansi. Lingson anatsegula pakamwa kuti athokoze. Ndinatembenukira kwa mmisiri.

"A Makina, mawa mubwere ndi njerwa. Khomo lija mulitseke."

Anavula chipewa. "Ndiboole lina kum'mawa, achemwali?"

"Ayi," ndinatero. "Musaboole lina."